Okonza Malenzi a Zumu

Lenzi ya zumu, ija yokokera pafupi zinthu zakutali, sichedwa kufa. M'kati mwake muli magalasi ambiri omwe amayenda m'timipita tokhota wojambula akamapotokola. Mwachitsanzo, Canon EF 24-105mm f/4L yomwe inatuluka mu 2005 ili ndi magalasi 18 oikidwa m'magulu 13. Kamchenga kamodzi kakalowa m'timipitato, kapena kamera ikangogwa pa simenti, zonse zimaima.

Apa ndi pomwe pamadyera wokonza malenzi. Ambiri a iwo sanapite kukoleji ya ntchitoyi. Ena anaphunzira kumakampani opanga makamera, ena anayamba ndi mawotchi kapena mawailesi, ena anakulira pambali pa mmisiri wamkulu, monga zimakhalira kumsika wa makamera wa Chandni Chowk mu mzinda wa Delhi, komwe timashopu ta okonza tathithikana m'tinjira topapatiza. Zida zawo n'zochepa: timasikuludilaiva, kopanira tinthu ting'onoting'ono, kopemerera fumbi, mafuta apadera ndi nyale yowala bwino. Mmisiri weniweni amadziwa kuti timitu ta masikuluwu a ku Japan n'tamtundu wa JIS, osati Phillips, ngakhale tikufanana. Wosadziwa amatiperepesa, ndipo lenziyo siitsegukanso.

Matenda ake ndi odziwika. Pa Canon tatchula ija, kalamba kopyapyala konyamula magetsi kupita ku kabowo kolowetsa kuwala kamapindika nthawi iliyonse munthu akapotokola zumu, mpaka kamathyoka, kamera n'kulemba Err 01. Kalambako n'kotchipa, koma kuti ukafike uyenera kumasula pafupifupi lenzi yonse, n'kusunga kanthu kalikonse motsatira malo ake. Malenzi otchipa a 18-55mm, omwe amagulitsidwa pamodzi ndi kamera, amathyoka timano tapulasitiki tolumikizira. Kumadera a chinyontho, chuku chimamera pagalasi, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wapamwamba pake moti kupukuta sikuthandizanso.

Kumasula si kovuta kwenikweni. Chovuta n'kubwezera. Galasi limodzi likapendekeka pang'ono chabe, chithunzi chimaoneka bwino mbali imodzi, mbali inayo chili mbuu. Makampani amawongola zimenezi ndi makina komanso mapulogalamu a kompyuta omwe wokonza wapayekha sawapeza. Iye amadalira maso: kujambula nyuzipepala yomata pakhoma, kuyang'ana m'makona, kumasulanso, kusuntha pang'ono, kuyesanso.

Ntchitoyi yakhala ikucheperachepera, ndipo si chifukwa cha mafoni okha. Chiyambire 1987, pomwe Canon inatulutsa malenzi a EF olankhulana ndi kamera kudzera m'magetsi, lenzi inasiya kukhala ya galasi ndi chitsulo basi. Munalowa timamota ndi timabolodi. Kenako masipeyala anayamba kubisidwa. Mu 2012 Nikon inasiya kugulitsa masipeyala kwa okonza apaokha ku America, ndipo mu 2020 inathetsa mgwirizano ndi mashopu omwe inkawavomereza. N'chifukwa chake wokonza aliyense ali ndi bokosi la malenzi akufa, momwe amachotsa ziwalo zopulumutsira ena.

Kwa ine, mmisiri wabwino amaonekera pa funso lomwe kasitomala aliyense amafunsa: tikonze kapena tigule ina? Ya 18-55mm nthawi zambiri siyenera kukonzedwa, chifukwa yakaunjika imapezeka pamtengo wosasiyana ndi wa ntchitoyo. Lenzi yodula ndiyo yoyenera kuivutikira. Wokonza amene amauza munthu mosabisa kuti asataye ndalama amataya ganyu ya tsikulo, ndiye si onse amanena. Ndipo wojambula maukwati ndi zinkhoswe amene pulogalamu yake ili Loweruka sawerengera mtengo wokha. Amawerengeranso masabata omwe sipeyala ingatenge panjira kuchokera ku China.