Laputopu ya azakhali yadzuka!

Amene munaiona laputopu ya azakhali anga aku Bangwe chaka chatha, bwerani mudzaionenso. Ndi yomwe ija, yakuda, yonenepa, yopangidwa mu 2006, imene msuweni wanga anawatumizira kuchokera ku Johannesburg itatopa kale ndi ntchito za mu ofesi. Chilembo cha E chinafufutika pa batani lake, ndipo pakona pali mng'alu womata ndi selotepi. Koma iyatseni lero muone! Pakangotha mphindi imodzi yafika, ikudikira inu.

Ndikukamba izi mano ali pamtunda chifukwa ndikudziwa kumene yachokera. Inabwera ndi Windows XP, kenako wina anaikamo Windows 7, pamene RAM yake inali 1 GB yokha. Azakhali ankadina batani loyatsira, n'kupita kukakoleza mbaula, kutereka madzi a tiyi, kubwerako n'kupeza kachizindikiro kakuzungulirabe. Fani inkalira usiku ndi usana, pansi pake pakutentha moti sungaiike pamiyendo. Ukatsegula kalata imodzi ndi tsamba limodzi la intaneti, inkangouma, mbewa osasuntha, mabatani osamva. Tsiku ndi chaka zinkabwerera kumbuyo nthawi iliyonse ikazima, ndipo chifukwa cha deti lolakwikalo masamba ambiri ankakana kutseguka. Fulashi iliyonse yolowa mmenemo inkatulukamo ndi vayirasi. Okonza awiri atatu anaiyang'ana n'kupereka yankho lofanana: "Mayi, iyi yatha, gulani ina."

Kugula ina ndi ndalama zingati? Azakhali ndi mlembi wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lawo. Anabwerera ku kope lachikuto cholimba ndi kakyuleta, laputopu n'kuikulunga m'chitenje, kuiponya pamwamba pa wadiropu.

Kunena zoona, kumbali ya Windows njira inali itatsekeka. Microsoft inasiya kusamalira XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 mu Okutobala 2025. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi purosesa ya 64-bit. Koma mnzanga wina wokonza mafoni ndi makompyuta mu Limbe atamva nkhaniyi anapukusa mutu. "Amwene, makinawo sanafe. Ndi kabaza wosenzetsedwa matumba a simenti pa chitunda. Mutsitseni katunduyo muone mmene apalasire." Loweruka masana anatseka shopu yake, tinakwera minibasi ya ku Bangwe, m'thumba muli fulashi imodzi ndi sikuludiraiva.

Fulashiyo anaikonza ndi pulogalamu ya Ventoy, imene imalola kuunjika mitundu ingapo ya Linux pa fulashi imodzi n'kumasankha poyatsa. Linux, kwa amene simunaimve, ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga ichitira Windows, koma ndi yaulere. Anaiyamba ndi Linus Torvalds ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland mu 1991, ndipo lero ilipo mitundu yambirimbiri, ina yolemera, ina yopepuka dala kuti makompyuta akale aikwanitse.

Choyamba chinali kupulumutsa katundu wa azakhali, poti kuika pulogalamu yatsopano kumafufuta zonse za m'hadi disiki. Tinalowa mu BIOS, tinauza makina kuti ayambire pa fulashi, ndipo tinasankha Puppy Linux. Kameneka ndi kanthu kodabwitsa. Anakayamba ndi Barry Kauler wa ku Australia mu 2003, ndipo ndi kakang'ono moti konse kamakwera mu RAM n'kumayenda osadalira hadi disiki. Sikirini itayaka, mnzanga anadina foda, foda n'kutseguka nthawi yomweyo. Anadina ina, nayonso gwaa. Azakhali, amene anali chilili pakhomo atagwira chipande, anasendera pafupi.

"Iwe, ndi yanga yomwe ija imeneyo?"

"Ndi yanu ndithu, azakhali."

"Ayi, mwaisintha panjira inu."

Tinakopera makalata, nyimbo za kwaya ndi zithunzi pa disiki ina, mitima ili m'malo.

Puppy ndimakakonda, koma si kamene ndikanawasiyira azakhali. Kamamupatsa munthu mphamvu zonse zosintha kapena kufufuta chilichonse m'makina, ndipo m'nyumba ya ana ndi adzukulu zimenezo n'zoopsa. Tinkafuna Lubuntu, yodziwika ndi kupepuka komanso kuoneka bwino. Titaisankha, sikirini inada bii, pamwamba pali mzere umodzi wa Chingerezi wonena kuti pulogalamuyi ikufuna purosesa ya x86-64 koma yapeza ya i686. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti Linux nayonso yakana. Nkhani yake ndi yaing'ono. Purosesa ya m'laputopuyi ndi Intel Core Duo, ya 32-bit, ndipo Lubuntu inasiya kutulutsa ya 32-bit itatha 2018. Chofunika ndi kupeza mtundu umene ukuwakumbukirabe makina otere. Mnzanga anali nayo Debian 12, yotuluka mu Juni 2023, imene ili ndi ya 32-bit. Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 ilibenso choikira cha makina amenewa, choncho amene muli ndi laputopu ya msinkhu uwu yang'anani nambala bwinobwino musanawononge bandulo.

Tinasankha Xfce kuti ikhale nkhope yake, poti siidya RAM yambiri. Kuika kunayenda bwino kupatula pamalo amodzi pamene inatichenjeza kuti pali mafayilo ena a Wi-Fi amene akusowa. Tinapitirira. Itayambiranso, zonse zinali myaa: mawu akumveka, kiyibodi ikulemba, fani yatonthola. Pakona pa sikirini tinadina kuti tione ma netiweki. Panalibe ngakhale imodzi.

Wi-Fi ndiyo inatidyera dzuwa lonse lotsala, ndipo ndiyo inandiphunzitsa zambiri. Mnzanga sanachite zongoganizira. Anatsegula Terminal, kabokosi kakuda kolembamo malamulo, n'kulemba lspci -nn. Panatuluka mndandanda wa zonse zili m'mimba mwa laputopu, ndipo chakumunsi kunali kachipangizo ka Wi-Fi, nambala yake BCM4311. Ndiye kuti makina akukaona, sikanapse. Driver yake, yotchedwa b43, inalimo kale mu Linux. Chosowa chinali firmware, timalangizo timene timathiridwa m'kachipangizo komweko nthawi iliyonse kakamayaka. Popanda timeneti kamangokhala duu. Debian 12 imabwera ndi firmware ya zipangizo zambiri, koma ya banja la b43 malamulo a umwini salola kuti igawidwe pamodzi ndi Linux. Aliyense amayenera kukadzitengera pa intaneti.

Mwaliona vutolo? Kuti Wi-Fi igwire pakufunika intaneti, ndipo intaneti ya m'nyumbamo imabwera pa Wi-Fi. Kwa azakhali kulibe rauta ya chingwe. Ndinayang'ana mnzanga, iye akungomwetulira.

"Chemwali, tabwereke chingwe cha chaja," anauza mdzukulu wa azakhali wa Fomu 4, amene ankasuzumira kumbuyo kwathu.

Mnzanga analumikiza foni yake ya Android ku laputopu ndi chingwecho, analowa m'masetingi a foni n'kuyatsa USB tethering. Linux inailandira foniyo ngati intaneti ya chingwe, osafunsa kalikonse. Ndinaomba m'manja ndekha. Chingwe chomwe chija chimagona pansi pa pilo, lero chasanduka mlatho! Kenako anatsegula fayilo ya sources.list, imene imauza Debian kokatenga mapulogalamu, analembamo adiresi ya nkhokwe zake pamodzi ndi mawu oti contrib, poti kumeneko n'kumene kumakhala phukusi lotchedwa firmware-b43-installer. Phukusili ntchito yake ndi imodzi: kukakoka fayilo pa intaneti, kudulamo timalangizo tofunika ndi kachida ka b43-fwcutter, n'kutiika pamalo pake. Silinadye bandulo yoti munthu n'kudandaula nayo. Tinazimitsa, tinayatsanso, mitu itatu itaunjikana pa sikirini.

Netiweki panalibe.

Apa ndinamuona mnzanga akukanda m'mutu koyamba. Anaika kapulogalamu ka rfkill, kamene kamanena ngati wailesi ya m'makina yatsekedwa, n'kulemba rfkill list. Yankho linali loti Hard blocked: yes. Akuti ikati soft blocked ndiye kuti yatsekedwa ndi pulogalamu ndipo lamulo limodzi limaitsegula, koma ikati hard blocked pali swichi yeniyeni, yogwirika ndi chala, imene yazimitsidwa. Malaputopu a zaka zimenezo ambiri anali ndi swichi yotere m'mbali kapena kutsogolo, ena ankayatsira Wi-Fi podina Fn pamodzi ndi batani lina la pamwamba. Tinaitembenuza, tinaipapasa, mpaka mtsikana uja anaunika ndi tochi ya foni.

"Nanga aka n'kachiyani?"

Kanali kumanzere, kakang'ono, kodzaza fumbi, pafupi ndi pobayira mahedifoni. Azakhali anati zaka zonsezi sankadziwa kuti pali kanthu pamenepo, ndipo mwina kanakankhika poikulunga m'chitenje. Mtsikanayo anakasuntha ndi chikhadabo, thee. Kanyali kamene palibe ankakumbukira kanayaka buluu, ndipo pa sikirini panatsika mndandanda: netiweki ya oyandikana nawo, ya kugolosale, ina ya dzina la timu ya mpira. Azakhali anaimba nthungululu moti mayi wa nyumba ya kuseri anathamanga kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

Panatsala kamodzi. Hotspot ya foni ya mtsikanayo sinkaoneka pamndandanda. Kachipangizo ka 2006 kamamva 2.4 GHz yokha, pamene foni yake inali pa 5 GHz. Tinasintha m'masetingi a hotspot, tinaikanso chitetezo pa WPA2 poti WPA3 ndi ya masiku ano, tinalemba pasiwedi, ndipo Firefox inatsegula tsamba loyamba popanda chingwe chilichonse. Mnzanga anadzuka n'kuvina pang'ono pakati pa balaza, sikuludiraiva ili m'manja.

Zotsalazo zinali zamanja. Anatsegula kunsi, anapemerera fumbi la pa fani limene linatuluka ngati chigamba chathunthu, anasintha kabatire ka CR2032 kosunga nthawi kuti deti lisamabwererenso kumbuyo, ndipo pambuyo pake anapeza RAM ya DDR2 m'laputopu ina yakufa n'kuikweza kufika 2 GB.

Sindinama, si kompyuta ya mavidiyo olemera. YouTube imafuna kuitsitsa pa chithunzi chochepa, ndipo masamba ambiri otsegula nthawi imodzi amaitopetsa. Koma taonani zimene ikuchita. Mtsikana uja akuwerengera MSCE pa mapepala a mayeso akale a PDF, pa sikirini yaikulu, osatsinzinanso maso pa foni. Tinamuikira Kiwix, imene imasunga Wikipedia m'makina momwemo, ndiye bandulo ikatha kuwerenga sikuima. Makalata a kutchalitchi akulembedwa pa LibreOffice Writer. Nyimbo za kwaya zikuimba pa VLC pamene nsima ili pamoto.

Chimene chinandikhudza kwambiri chinachitika patapita sabata. Azakhali anali ndi fulashi yakale imene anaitaya mtima, ya zithunzi za ukwati wa msuweni wanga. Vayirasi ija yotchuka m'malo osindikizira mapepala inasandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut, ndipo aliyense anawauza kuti zithunzizo zinadyedwa. Vayirasi imeneyi kawirikawiri sifufuta, imangobisa mafoda, ndipo Linux sisamala chizindikiro chobisira cha Windows, ngakhalenso vayirasiyo siyenda mu Linux. Anaibaya okha, kungoyesa. Mafoda onse anali pompo. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera: "Mwanangu, agogo ako ndikuwaona apa, avala duku lija, akuvina!" Agogo anatisiya kale, ndipo zithunzi zawo zovina ndi zomwezo basi. Tinazikopera malo atatu tsiku lomwelo.

Ndiye pali za banki m'khonde. Ndinawakonzera tebulo pa LibreOffice Calc: dzina, masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa cha ochedwa. Poyamba ankalemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja pang'ono, magalasi ali pamphuno. Pano akudziwa kuti akasintha nambala imodzi, zonse za kumunsi zimadziwerengera zokha, ndipo chimenechi sichinasiye kuwaseketsa. Pa tsiku logawana ndalama mu Disembala, ntchito imene inkatenga kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, ya mikangano ndi kufufuta ndi kuwerenganso, inatha anthu asanamve njala. Mayi aliyense anabwera kudzaona mzere wake pa sikirini, n'kuyerekeza ndi kabuku kake, n'kugwedeza mutu.

Batire lake lalikulu linafa kalekale, ndiye laputopuyi imagwira pokhapokha ili ku magetsi, ndipo akathima nayo imathima. Pa msonkhano woyamba wa Januwale amayi aja anakambirana okha, popanda azakhali kupempha, ndipo anagwirizana kutapa m'thumba la zindapusa kuti ligulidwe batire. Akufuna izibwera pakhonde Lachinayi lililonse. Mnzanga wa mu Limbe walipeza kale, tikukaliika Loweruka likubwerali.