Sukulu ikatsekedwa, mwana alowera kuti?

Mu Januwale 2018, ana pafupifupi 12,000 a m'chigawo cha Ohio ku America anauzidwa kuti sukulu yawo yatha. Kumeneko chaka cha maphunziro chimayamba cha mu Ogasiti n'kutha cha mu Meyi kapena Juni, ndiye mutha kuona kuti Januwale ndi pakatikati penipeni. Ena mwa anawa anali atangotsala ndi miyezi yochepa kuti amalize sekondale.

Sukuluyo inali Electronic Classroom of Tomorrow, ambiri ankangoti ECOT. Inali ya pa intaneti. Mwana ankaphunzirira kunyumba pa kompyuta, ndipo boma linkalipira sukuluyo potengera chiwerengero cha ana amene yalemba. Akuluakulu a zamaphunziro ku Ohio atafufuza nthawi imene mwana aliyense ankathera pa maphunziro, anapeza kuti m'chaka cha 2015 mpaka 2016 sukuluyo inalandira ndalama za ana oposa 15,000, pamene umboni umene unalipo unali wa ana osakwana theka. Boma linalamula kuti ibweze madola pafupifupi 60 miliyoni, kenako linawonjezera ena pafupifupi 19 miliyoni a chaka chotsatira. Ngongole itakula chonchi, bungwe limene linkaiyang'anira linaitseka.

Ineyo sindikutsutsa kuti ECOT inayenera kutsekedwa. Zimene zimandivutitsa mutu ndi ziwiri. Sukuluyi inatsegulidwa m'chaka cha 2000, nanga oyang'anira anali kuti zaka 18 zonsezi? Ndipo anthu akuluakulu atamaliza kuwerengerana madola, ndani anakhala pansi kuganizira kumene ana aja akalowe Lolemba lotsatira?

Kodi charter n'chiyani?

ECOT inali imodzi mwa sukulu zimene ku America amazitcha charter. Sukulu yotere imayendera ndalama za misonkho ndipo mwana salipira fizi, koma woiyendetsa si boma. Ndi bungwe loima palokha limene lasainirana mgwirizano ndi boma, nthawi zambiri wa zaka zisanu. Kwathu kuno zoyandikirako pang'ono ndi sukulu za mishoni zimene mpingo umayendetsa boma n'kumalipira aphunzitsi. Kusiyana kwake n'kwakuti mgwirizano wa charter uli ndi tsiku lothera.

Ganizoli linatchuka mu 1988 pamene Albert Shanker, mtsogoleri wa bungwe la aphunzitsi la American Federation of Teachers, analilankhula poyera. Chigawo cha Minnesota chinakhala choyamba kukhazikitsa lamulo lake mu 1991, ndipo sukulu yoyamba, City Academy ya mumzinda wa St. Paul, inatsegulidwa mu 1992. Lero ana oposa 3 miliyoni ku America amaphunzira m'sukulu zoterezi.

Pangano lake ndi lachidule. Boma likuti: tikupatsani ufulu wolemba aphunzitsi amene mukufuna, kukonza nthawi yolowera ndi yowerukira, ndi kuphunzitsa m'njira yanu. Koma ana akapanda kukhoza, chiphaso tilanda. Papepala zikumveka bwino zedi. Sukulu ya boma yolephera imatha kukhala zaka ndi zaka ikulepherabe, pamene ya charter ikuyenera kudziwa kuti nkhwangwa ili pafupi.

Vuto n'lakuti nkhwangwayo siinkagwa kawirikawiri. Mu 2009 ofufuza a CREDO, ku yunivesite ya Stanford, anayerekeza makhozedwe a masamu ndipo anapeza kuti sukulu za charter 17 pa 100 zilizonse zinkaposa za boma zoyandikana nazo, 37 pa 100 zinkachepera, ndipo zotsalazo sizinkasiyana kwenikweni. Tangoganizani, pa sukulu zitatu zilizonse imodzi inkachita moipa kuposa sukulu imene makolo anathawako, koma zambiri zinali chitsegukire.

Mzinda umene unayesa zenizeni

Ngati pali malo amene anatenga panganoli mwamphamvu, ndi New Orleans m'chigawo cha Louisiana. Namondwe wa Katrina atawomba mu Ogasiti 2005, madzi anamiza gawo lalikulu la mzindawu pamodzi ndi sukulu zake. Mu Novembala chaka chomwecho, aphungu a Louisiana anavomereza lamulo limene linachotsa sukulu zoposa 100 m'manja mwa khonsolo ya maphunziro ya mzindawu n'kuzipereka ku nthambi ya chigawo yotchedwa Recovery School District. Aphunzitsi ndi antchito ena oposa 7,000 anachotsedwa ntchito, ambiri mwa iwo akuda. Pang'onopang'ono sukuluzo zinaperekedwa kwa mabungwe a charter, mpaka pofika 2019 pafupifupi sukulu iliyonse ya boma mumzindawu inali charter.

Ku Louisiana sukulu nayo imapatsidwa giredi ngati mwana, kuyambira A mpaka F. Ku New Orleans sukulu ikakakamira pansi, nthawi ya mgwirizano ikakwana ankaitseka kapena kuipereka kwa bungwe lina. Douglas Harris wa ku yunivesite ya Tulane, amene analemba buku la Charter School City mu 2020, anatsatira nkhaniyi kwa zaka zambiri ndi anzake. Anapeza kuti makhozedwe a mayeso anakwera, ana omaliza sekondale anachuluka, ndipo olowa ku koleji anawonjezeka. Anapezanso kuti mbali yaikulu ya kusinthaku inachokera pa kutseka ndi kulanda sukulu zolephera, ngakhale kuti ndalama zogwiritsa ntchito pa mwana aliyense nazo zinakwera.

Wina anganene kuti basi, nkhani yatha, tsekani zolephera zonse. Koma dikirani kaye. Gulu lomwelo la Harris linayang'ananso ku Baton Rouge, likulu la Louisiana, kumene sukulu zina zinatsekedwa kapena kulandidwa. Kumeneko ana a sekondale sanapindule, zinthu zinawaipira. Kusiyana kunali pa sukulu imene mwana anakagwera. Ku New Orleans ambiri anakalowa sukulu yabwinopo kuposa yakale. Ku Baton Rouge sizinali choncho.

Mu 2017 a CREDO aja anatulutsa kafukufuku wina wa sukulu zolephera zoposa 1,500, za charter ndi za boma zomwe, zimene zinatsekedwa m'zigawo 26. Ana amene anakalowa sukulu yabwinopo anayamba kukhoza bwino. Koma ana oterewa anali osakwana theka. Enawo anasamuka n'kukapeza zomwezo kapena zoipirapo. Ofufuzawo anaonanso kuti pakati pa sukulu zolephera mofanana, imene inali ndi ana ambiri akuda ndi achi Hispanic ndi imene inkatsekedwa msanga.

Apa m'pamene ineyo ndimaima. Kutseka sukulu pakokha sikuphunzitsa mwana kuwerenga. Kumangomuchotsa pamalo amodzi. Ngati kumene akupitako kuli mphunzitsi wodziwa ntchito ndi mpando womudikira, kutsekako kwamuthandiza. Ngati kulibe, mwanayo wataya anzake, wataya mphunzitsi amene ankadziwa dzina lake ndi mavuto a kunyumba kwawo, wayamba kudzuka m'mamawa kukwera basi ya ulendo wautali, ndipo chimene wapeza palibe. Chilango chinali cha akuluakulu olephera ntchito, koma wachisenza ndi mwana.

Ngakhale ku New Orleans kumene manambala anakwera, mabala analipo. Mu 2010 makolo a ana aulumali anakasuma kukhoti mothandizidwa ndi bungwe la Southern Poverty Law Center, ponena kuti ana awo sakulandira thandizo loyenera ndipo ena akukanidwa malo. Mlanduwo unatha ndi mgwirizano wakuti sukulu ziziyang'aniridwa pa nkhaniyi. Zimenezi sizindidabwitsa. Ukauza sukulu kuti moyo wake wadalira mayeso, usadabwe ikayamba kuona mwana wovutika kuphunzira ngati katundu wolemera. Makolo ambiri ankadandaulanso kuti sukulu za m'dera lawo zikuyendetsedwa ndi anthu amene iwo sanawavotere. Mu Julaye 2018 sukuluzo zinabwerera pansi pa khonsolo yosankhidwa ndi anthu a mumzindawu.

Woyang'anira naye ayankhe

Tibwerere ku funso langa loyamba lija, la oyang'anira. Sukulu iliyonse ya charter ili ndi bungwe limene linaipatsa chiphaso, ndipo ndi lomwelo limene liyenera kuchilanda. Ku Ohio mabungwe amenewa amaloledwa kutapa ndalama zofika 3 pa 100 pa zimene boma lapereka ku sukulu imene akuiyang'anira. Mwaona pamene pali msampha? Sukulu ikakula, nayenso woyang'anira thumba lake limakula. Akaitseka, wadzidula yekha pakamwa. Pa nkhani ya ECOT panalinso china: makampani a William Lager, amene anayambitsa sukuluyo, ankalipidwa ndi sukulu yomweyo pa ntchito zosiyanasiyana, ndipo iye ankathandiza andale ndi ndalama za kampeni. Mu 2015 Ohio inakhwimitsa lamulo kuti mabungwe opereka ziphaso nawo aziunikidwa mwamphamvu, koma apa n'kuti ana ambiri atadutsa kale m'sukulu zosathandiza.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nthawi yabwino yokana sukulu yoipa ndi pamene ikadali pempho papepala, isanalembe mwana ngakhale mmodzi. Ikatsegulidwa kale n'kuyamba kulephera, makolo ayenera kuuzidwa msanga, m'mawu omveka, osati kumva mphekesera pa Facebook. Ikafika potsekedwa, itsekedwe kumapeto kwa chaka cha maphunziro, mafaelo a ana asamutsidwe bwinobwino, ndipo ana ake akhale oyamba kupatsidwa malo m'sukulu zochita bwino. Ngati malo oterowo palibe, kuli bwino kusintha oyendetsa sukuluyo ana n'kukhala pomwepo.

Ambiri a inu amene mukuwerenga izi pafoni muli ndi mwana wamng'ono, kapena mng'ono wanu amene mukumulipirira sukulu, ndipo ena muli ndi achibale ku America amene ana awo ali m'sukulu zomwezi. Tsiku lina mudzamva mkulu wina akulengeza monyadira kuti watseka sukulu zolephera zingapo. Musafulumire kuwomba m'manja. Mufunseni kuti ana aja ali kuti tsopano, ndi angati akalowa sukulu yabwinopo, ndi angati angokhala pakhomo. Mufunsenso kuti amene anasaina chiphaso cha sukuluyo poyamba akadali pa mpando wake kapena ayi.