LUMANDA WA PAKHOMO SAFUNA MANKHWALA AUKALI

Munthu woyenda mu mseu wa Mosi-oa-Tunya, umene udutsa pakati pa tauni ya Livingstone kupita ku mathithi, amaona maluwa akuluakulu ofiira a hibiscus m'mipanda ya nyumba ndi mahotela. Maluwa amenewa ndi okongoletsa cabe. Koma ali ndi mbale wao amene amai a ku Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa amamudziwa bwino mumphika. Ameneyu ndiye lumanda, amene Atonga amati mundambi ndipo Alozi amati sindambi. Delele ndi thonje nazonso ndi za banja lomweli, ndiye cifukwa cake tizilombo togwira mbeu zimenezi kawirikawiri timakhala timodzimodzi.

Lumanda ndi ndiwo yosavuta kulima pakhomo ngakhale malo akhale ocepa. Masamba ake ali ndi vitamini C, ndipo akatendeledwa ndi nshawa amakhala ndiwo yomanga thupi la ana. Soda wothira pofuna kucepetsa kuwawasa amaononga vitamini ameneyu, cotero ndi bwino kuthira pang'ono kwambiri kapena kusathira konse.

Nthawi yobzala ndi mvula yoyamba, mu Novembala kapena Disembala. Lumanda amayamba maluwa masiku akayamba kufupika ca m'Marici ndi Epulo, kaya wakula kaya sanakule. Wobzalidwa mocedwa amacita maluwa akali wamfupi ndipo masamba amakhala ocepa. Mbeu zibzalidwe pamalo a dzuwa, motalikirana masentimita 60.

Vuto lalikulu mu Livingstone lili pansi. Nthaka ya kuno ndi ya mcenga, ndipo mumcenga ndimo mumaswana tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timalowa m'mizu. Lumanda wogwidwa nato amafota masana ngakhale wathiriridwa, masamba amasanduka acikasu, ndipo sakula. Ambiri akaona zimenezi amaonjeza madzi kapena kuthamangira kukagula mankhwala opopera, koma zonsezi ndi kutaya ndalama. Njira yodziwira ndi kuzula mtengo umodzi. Ngati mizu ili ndi mfundomfundo zotupa, ndi tinyongolotsi timeneti. Mitengo yodwala izulidwe ndi kuocedwa. Caka cotsatira pamalopo pabzalidwe cimanga, osati delele kapena matimati, pakuti mbeu zimenezi zimadyetsa tinyongolotsi tomweti. Manyowa owola bwino amathandiza kwambiri, ndipo amasunganso cinyezi mumcenga.

Ngati mizu ili bwino koma masamba a m'munsi ndi acikasu, ndiye kuti nthaka ilibe cakudya kapena madzi acuruka. Madzi otsukira mbale angathiridwe patsinde, malinga alibe Jik. Zitini ndi madiramu osungira madzi zivundikiridwe, kuti dimba lisasanduke moswera udzudzu wa malungo.

Pamasamba pamabwera nsabwe zobiriwira, tizilombo toyera tooneka ngati thonje, ndi tina todumpha timene timaboola timabowo. Timabowoto sitiononga ndiwo, ndipo tsamba lotere ndi labwino kudya. Nsabwe ndi tizilombo toyera timafa ndi madzi a sopo wamtanda wosungunula pang'ono, owazidwa kunsi kwa masamba madzulo dzuwa litazizira. Sopo waufa amaocha masamba. Nyerere zikacuruka pamtengo ndi cizindikiro cakuti nsabwe zilipo.

Apa ndi pamene pali ngozi. Wosamalira maluwa a hibiscus angawapopere mankhwala aukali cifukwa palibe amene adzawadya. Lumanda amathyoledwa m'mawa nkudyedwa masana. Mankhwala a thonje, kapena ogulidwa m'mabotolo opanda dzina, sayenera kufika pandiwo. Amene wadya ciphe cotere amayamba kusanza, kutuluka thukuta ndi malovu, mutu kuwawa, ndipo ana ndiwo amagwidwa msanga. Wotere atengedwe kucipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi botolo la mankhwalawo. Ngati mankhwala ololedwa pandiwo agwiritsidwa nchito, masiku olembedwa pabotolo akwane ndiwo isanathyoledwe.

Maluwa a lumanda akagwa pamatsala makoko ofiira okuta mbeu. Makoko amenewa akaumitsidwa amapanga cakumwa cowawasa cimene ku Sudan amati karkade ndipo ku Senegal amati bissap. Mu 2010 akatswiri a pa Tufts University ku America anafalitsa zimene anapeza pa anthu 65 amene BP yao inali itayamba kukwera. Omwa makapu 3 a tiyi ameneyu tsiku ndi tsiku kwa masabata 6, nambala yapamwamba ya BP yao inatsika ndi 7. Kutsika kumeneku ndi kocepa, ndipo sikungalowe m'malo mwa mapilisi. Munthu amene ali pamankhwala a BP kapena a shuga asaleke mankhwala ake, ndipo auze anamwino pakiliniki ngati akumwa tiyi ameneyu. Amai apakati angadye ndiwo ya masamba monga mwa masiku onse, koma tiyi wa makoko ayambe amuleka.

Mbeu za caka camawa zitengedwe ku mitengo imene mizu yake inalibe mfundo, ziume bwino, ndi kusungidwa m'botolo lotseka pamodzi ndi phulusa pang'ono.