Ulusi Wogwira Ntchito Zingapo

Munthu wa ku Uraha, m'boma la Karonga, amene amagona m'neti, amaudziwa kale ulusi wogwira ntchito ziwiri. M'maneti ena, monga Olyset, mankhwala sapakidwa pamwamba, koma amasakanizidwa ndi pulasitiki popanga ulusiwo. Choncho ulusi womwewo umatchinga udzudzu ndiponso kuupha.

Nzeru yomweyi ndiyo ikugwiritsidwa ntchito popanga nsalu zamakono zoyendera magetsi. M'malo mwa mankhwala, akatswiri amathira mu ulusi tinthu tating'onoting'ono toyezedwa m'mananomita. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Tinthuti ndi monga timachubu ta kaboni, timene Sumio Iijima anatifotokoza mu 1991, komanso graphene, imene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anaipatula ku graphite ku Manchester mu 2004. Zonsezi zimadutsitsa magetsi.

Ulusi wotere ukatamuka, tinthuti timatalikirana ndipo magetsi odutsa amachepa. Kachipangizo kosokerera pa chovala kamawerenga kusinthako. Motero malaya angathe kuyeza kapumidwe ka wodwala, pomwe akadali malaya wamba.

Vuto lalikulu ndi kuchapa. Sopo, thukuta ndi kufikisa zimawononga njira za magetsi, ndipo chovala chosapirira kuchapidwa pamwala sichingathandize munthu wakumudzi.

Nkhaniyi ikutikhudza. Ku Karonga amalima thonje, ndipo graphite anapezeka ku Kasiya ndi ku Malingunde m'boma la Lilongwe. Tikamangogulitsa zinthuzi zosakonza, tidzagula nsalu yake pamtengo wokwera.