Hylotelephium 'Herbstfreude'

Hylotelephium 'Herbstfreude' ndi chomera chokongoletsa cha masamba onenepa osunga madzi, chomwe chimabzalidwa kwambiri m'minda ya maluwa ya ku Ulaya ndi ku North America. M'mayiko olankhula Chingerezi chimadziwika ndi dzina loti 'Autumn Joy', ndipo anthu ambiri amachitchulabe kuti Sedum 'Autumn Joy' potengera dzina lake lakale. Ndi cha m'banja la zomera lotchedwa Crassulaceae. Chimakhala zaka zambiri: mapesi ndi masamba ake amauma nyengo yachisanu ikafika, koma mizu imakhalabe yamoyo ndipo imaphukanso chisanu chikatha. Chimakula mothinana ngati kachitsamba kobulungira kotalika masentimita 45 mpaka 60, ndipo chimachita maluwa kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Okutobala, nthawi imene maluwa ambiri a m'mayikowa amakhala atafota kale.

Dzina

Mawu oti Herbstfreude ndi a Chijeremani ndipo amatanthauza chisangalalo cha nyengo yoyoyoka masamba. Dzina lachingerezi lija linangomasuliridwa kuchokera pamenepa kuti ogula a ku Britain ndi ku America asavutike kutchula.

Kwa zaka zambiri chomerachi chinkaikidwa m'gulu la Sedum, lomwe Carl Linnaeus analilemba m'chaka cha 1753. Gululi linali lalikulu kwambiri ndipo munali zomera zosiyana maonekedwe: zina zoyanga pansi ngati mkeka, zina zoimirira. Mu 1977 katswiri wa zomera wa ku Japan, Hideaki Ohba, anapatula mitundu pafupifupi 30 n'kuiika m'gulu latsopano la Hylotelephium. Mitundu imeneyi imakhala ndi masamba aphanthiphanthi ndiponso mizu yonenepa, ndipo imauma pamwamba chaka chilichonse. Ogulitsa mbande ambiri sanasinthe zikwangwani zawo, choncho chomera chomwechi chimapezeka pamsika ndi mayina awiri. Mu 2023 ana onse obadwa pokwatitsa makolo a chomerachi anapatsidwa dzina la sayansi loti Hylotelephium × mottramianum.

Mbiri

Chomerachi sichimera chokha kutchire. Ndi haibulidi, monga mmene zilili ndi chimanga cha haibulidi, ndipo chinapezeka pokwatitsa mitundu iwiri. Kholo loyamba ndi Hylotelephium spectabile, lomwe kwawo ndi ku China ndi ku Korea. Kholo lachiwiri ndi Hylotelephium telephium, lomwe limamera lokha m'madera ambiri a ku Ulaya ndi ku Asia.

Anachitulukira ku nazale ya Georg Arends ku Ronsdorf, dera lomwe pano lili mu mzinda wa Wuppertal ku Germany. Arends anabadwa mu 1863 ndipo anatsegula nazale yake mu 1888. Ankadziwika ndi luso lokwatitsa maluwa okhala zaka zambiri, ndipo maluwa otchedwa Astilbe × arendsii anatengera dzina lake. Iye anamwalira mu 1952, ndipo 'Herbstfreude' inayamba kugulitsidwa cha m'ma 1955. Patapita nthawi bungwe la Royal Horticultural Society la ku Britain linachipatsa ulemu wa Award of Garden Merit, womwe limapereka kwa zomera zooneka bwino, zosavuta kulima komanso zosagwidwa msanga ndi matenda.

Ku United States chinatchuka kwambiri kuyambira cha m'ma 1970 chifukwa cha Wolfgang Oehme ndi James van Sweden, akatswiri okonza minda a ku Washington. Iwo ankachibzala chambirimbiri pamalo amodzi, pamodzi ndi maudzu okongoletsa ndi maluwa achikasu a Rudbeckia 'Goldsturm', m'malo mwa kapinga wofuna kumetedwa ndi kuthiriridwa kawirikawiri.

Maonekedwe

Chisanu chikamatha, mphukira zimatuluka pansi zitathinana ngati timakabichi ting'onoting'ono. Mphukira iliyonse imakula n'kukhala phesi limodzi lonenepa loimirira. Masamba ake ndi obiriwira motuwira, ozungulira ngati dzira, ndipo m'mphepete mwake muli timano tosathwa. Ndi osalala ngati opakidwa phula, ndipo ukawathyola amatuluka madzi.

Pakati pa chilimwe cha ku Ulaya, pamwamba pa phesi lililonse pamabwera mutu wobiriwira wofanana ndi burokoli. Mutuwu ukatambasuka umafika masentimita 10 mpaka 15 m'lifupi, ndipo umakhala ndi timaluwa mazanamazana tooneka ngati nyenyezi, kalikonse kokhala ndi timasamba tisanu. Mtundu wa maluwawa umasintha pang'onopang'ono. Amayamba ndi pinki woyera, kenako pinki wakuda, kenako ofiira ngati mkuwa, ndipo pomaliza amakhala ofiirira ngati dzimbiri. Mitu youmayi siyoyoka. Imaimabe nyengo yonse yachisanu, n'chifukwa chake alimi ambiri saidula kufikira mphukira zatsopano zitayamba kuoneka.

Anthu ambiri amasokoneza chomerachi ndi kholo lake la ku Asia, makamaka mtundu wotchedwa 'Brilliant'. Kusiyana kwake kumaoneka pa duwa. Maluwa a Hylotelephium spectabile amakhala ndi timapesi ta mungu tatitali toposa timasamba ta duwalo, moti mutu wonse umaoneka waubweya. Pa 'Herbstfreude' timapesi timeneti sitikula bwino kapena sitioneka n'komwe, choncho mutu wake umaoneka wosalala.

Mmene chimapirira chilala

Chomerachi chimasunga madzi m'masamba, m'mapesi ndi m'mizu. Khungu la masamba ake limachepetsanso madzi otayika dzuwa likamawomba. Koma pali njira inanso imene zomera za m'banjali zimadziwika nayo.

Zomera zambiri zimatsegula timabowo ta m'masamba masana kuti zilowetse mpweya wa carbon dioxide womwe zimapangira chakudya. Timabowoti tikatseguka kukutentha, madzi ambiri amatuluka ngati nthunzi. Zomera zambiri za m'banja la Crassulaceae zimatsegula timabowoti usiku, kukazizira, n'kusunga mpweyawo m'masamba ngati asidi. Kukacha zimatseka timabowo tija n'kugwiritsa ntchito asidiyo popanga chakudya mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Njirayi imatchedwa CAM, ndipo dzinali linachokera ku banja lomweli chifukwa ndi mmene inafufuzidwa kwambiri poyamba. Chinanazi ndi khonje zimagwiritsanso ntchito njira imeneyi. Makolo a 'Herbstfreude' satsata njirayi nthawi zonse: madzi akakhala okwanira amapanga chakudya monga zomera zina, ndipo amasinthira ku CAM nthaka ikauma.

Kabzalidwe ndi kasamalidwe

Chomerachi chimafuna malo owomba dzuwa kwa maola osachepera 6 patsiku. Pamthunzi mapesi amatalika mofooka ndipo maluwa sakhala ndi mtundu wowala. Nthaka iyenera kukhala yosasunga madzi, monga yamchenga kapena yamiyala. Pa dothi lamakande mlimi ayenera kusakaniza mchenga wokhakhala kapena kukweza bedi. Mbande zimabzalidwa motalikirana masentimita 45 mpaka 60.

Vuto lomwe alimi amakumana nalo kawirikawiri limabwera chifukwa chosamala mopyola muyezo. Chomerachi chikapatsidwa feteleza kapena manyowa ambiri, mapesi amakula msanga koma amakhala ofewa. Maluwa akalemera, makamaka mvula ikagwa, mapesi amagwera m'mbali ndipo pakati pa chitsamba pamatsala dazi. Kuthirira kwambiri kumabweretsanso vuto lomweli. Mbande zimafuna madzi m'miyezi yoyamba kuti zigwire, koma zikakhazikika zimangofuna kuthiriridwa chilala chikatalika.

Pofuna kuti chitsamba chikhale chachifupi ndi cholimba, alimi a ku Britain amadula gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena theka, la phesi lililonse kumapeto kwa Meyi. Kudulaku amakutcha Chelsea chop chifukwa kumachitika pa nthawi ya chionetsero cha maluwa cha Chelsea Flower Show ku London. Phesi lodulidwa limatulutsa nthambi zingapo, choncho mitu ya maluwa imachuluka ngakhale kuti imakhala yocheperako ndipo imachedwa pang'ono kumasula.

Chomerachi chimapirira kuzizira koopsa. Ku United States chimalimidwa m'zigawo 3 mpaka 9 za mapu a kuzizira a unduna wa zaulimi, kutanthauza kuti mizu yake imapulumuka ngakhale kukazizira kupyola madigiri 30 pansi pa ziro. Chomwe chimachipha nyengo yachisanu ndi madzi odikha pamizu.

Kuchulukitsa

'Herbstfreude' sabereka njere zodalirika, choncho amachichulukitsa ndi ziwalo zake, monga mmene amachitira ndi chinangwa kapena mbatata. Izi zikutanthauza kuti chomera chilichonse chenicheni cha dzinali ndi chidutswa cha chomera choyamba chija cha ku Ronsdorf.

Njira yoyamba ndi kugawa chitsa. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi, mlimi amakumba chitsamba chonse mphukira zikangoyamba kutuluka, n'kuchidula zigawo ndi mpeni kapena fosholo. Chigawo chilichonse chiyenera kukhala ndi mizu ndi mphukira zingapo. Kugawaku kumathandizanso chitsamba chokalamba chomwe chayamba kufa pakati.

Njira yachiwiri ndi kudula nsonga ya phesi yotalika masentimita pafupifupi 10, kuchotsa masamba am'munsi, kuisiya tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume, kenako n'kuizika mumchenga wachinyezi. Mizu imatuluka pakatha milungu yochepa. Nsonga zotsala podula mu Meyi zimagwira bwino ntchito imeneyi. Ngakhale tsamba limodzi likhoza kumera mizu ndi mphukira, koma limachedwerapo.

Tizilombo ndi matenda

Nkhono, makamaka zopanda chigoba, zimadya mphukira zanthete. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana pansonga n'kumayamwa madzi. Mdani wamkulu, makamaka kwa zomera za m'miphika, ndi kachilombo ka mtundu wa nankafumbwe kotchedwa Otiorhynchus sulcatus. Mphutsi zake zimadya mizu pansi mosaoneka, ndipo mlimi amazindikira chomera chitayamba kale kufota. Pamalo onyowa mizu ndi tsinde zimawola chifukwa cha nkhungu. Zikatero, njira yopulumutsira mbewu ndi kudula nsonga zomwe zidakali zabwino n'kuzibzala pamalo ena ouma.

Njuchi ndi agulugufe

Popeza chimachita maluwa mochedwa, chomerachi chimapereka timadzi totsekemera pa nthawi imene njuchi zimasowa kokatapa zisanalowe m'nyengo yachisanu. Mitu yake yaphanthiphanthi imapatsanso tizilombo pokhala potakasuka. Komabe sichipereka mungu wochuluka, ndipo alimi ambiri a ku Britain amaona kuti agulugufe amakonda kwambiri Hylotelephium spectabile. Amene cholinga chake n'kukopa agulugufe amalangizidwa kubzala kholo limeneli m'malo mwa haibulidi, kapena kubzala zonse ziwiri.

Mitundu ina yofanana nacho

M'gulu la Hylotelephium muli mitundu ina yaifupi yoyenera m'miphika, m'mphepete mwa njira ndi m'minda ya miyala. 'Vera Jameson' imatalika masentimita pafupifupi 25 ndipo masamba ake ndi ofiirira. 'Ruby Glow' ndi 'Bertram Anderson' ndi zazifupinso ndipo mapesi ake amagonera pansi. Hylotelephium sieboldii, ya ku Japan, ili ndi masamba ozungulira omera atatuatatu paphesi. 'Matrona', yochokeranso ku Germany, ndi yoimirira ngati 'Herbstfreude' koma mapesi ake ndi ofiira moderako.

Kumadera otentha

Chomerachi chinazolowera madera omwe nyengo yozizira imachipatsa nthawi yopuma, ndipo sichikula bwino kumalo otentha achinyezi chaka chonse. Kum'mwera kwa dziko lapansi, monga ku New Zealand ndi kum'mwera kwa Australia, nyengo zimatembenuka, choncho chimachita maluwa cha m'Febuluwale mpaka Epulo. Banja la Crassulaceae lili ndi mitundu yambiri yomera yokha kum'mwera kwa Africa ndi ku Madagascar, monga Kalanchoe, Crassula ndi Cotyledon. Imeneyi imasunganso madzi m'masamba, imamera mosavuta kuchokera ku zodula, ndipo siifuna nyengo yachisanu kuti iphukenso.