Tanthauzo la Mau Akuti "To Dry Out"

Mwana wa ku Nkope akapeza mau akuti "he has gone to dry out" m'buku la Chingerezi, maganizo ake amathamangira ku usipa woyanika pa thandala m'mbali mwa nyanja. Sanasokere kwenikweni, pakuti mauwo paokha anena za kuuma. Koma akanenedwa za munthu, atanthauza kuti wagonekedwa m'chipatala kuti mowa uchoke m'thupi mwake, nayambe kuleka uchidakwa. M'Chingerezi kuuma ndiko kusalawa mowa. N'chifukwa chake America ankatchedwa dziko louma kuyambira 1920 kufikira 1933, pamene lamulo linaletsa kugulitsa mowa.

Chipatalacho chiri ndi chifukwa chake. Munthu wozolowera kachasu akaleka mwadzidzidzi amanjenjemera ndi kutuluka thukuta, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amabwebweta, ena kufa kumene. M'Malawi muno thandizo lotere lipezeka ku Zomba Mental Hospital ndi kwa St John of God ku Mzuzu.

Tsono pomasulira, mphunzitsi anene kuti "wapita kukathandizidwa kuti aleke mowa", osati "wapita kukayanikidwa". M'kalasimo muli ana ena amene atate awo ali pa vuto lomweli, ndipo anzawo akayamba kuseka, iwowo ndiwo amazyolika.