Pamene m'nyumba muli wodwala schizophrenia

M'mipingo yathu muli mabanja amene akusunga wodwala schizophrenia, ngakhale dzinali silichulidwa kawirikawiri. Kumudzi timangoti wafuntha. Munthuyo amamva mau amene ena sakumva, amakhulupirira kuti anzake akumupangira ciwembu, mwina amaleka kusamba n'kumadzitsekera m'nyumba. Nthawi zambiri matendawa amamuyamba akali wacinyamata.

Akapita naye ku Chainama ku Lusaka, kapena ku cipatala ca cigawo, amabwerako ndi mapiritsi. Ofala ndi haloperidol ndi chlorpromazine, amene ambiri amawadziwa kuti Largactil. Awa madokotala a ku Paris anayamba kupatsa odwala misala mu 1952. Ena amalasidwa nyeleti ya Modecate pakapita milungu ingapo iliyonse. Mankhwalawa amacepetsa mphamvu ya dopamine mu ubongo, ndipo mau aja amazilala pang'onopang'ono. Zimatenga milungu, conco tisafulumire kunena kuti mankhwala alephera.

Koma dopamine yomweyo ndiyo imathandiza thupi kuyenda momasuka. N'cifukwa cake wodwala amatha kuuma thupi, kunjenjemera manja, kudontha malovu, kapena kulephera kukhala pansi n'kumangozungulira pabwalo. Nthawi zina khosi limapindika, lilime limatuluka, maso amatembenukira kumwamba. Apa m'pamene ife akhristu timasokonezeka, pakuti zimaoneka ndithu ngati ciwanda camugwira. Ndi mankhwala cabe, ndipo anesi ali ndi ena othetsa zimenezi, monga Artane. Tithamange naye ku cipatala. Thupi likatentha kwambiri, likauma gwa, munthu n'kusokonezeka, asagone panyumba, cifukwa zimenezo zingathe kupha.

Zina n'zazing'ono, koma zimamutopetsa tsiku ndi tsiku. Kukamwa kumauma, m'mimba mumamanga, tulo timaculuka. Timupatse madzi ambiri, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Podzuka ayambe wakhala tsonga pang'ono, kuti asagwe ndi cizungulire. Amene akumwa Largactil amapsa msanga ndi dzuwa, conco kumunda apite ndi cisote ndi malaya a manja aatali. Ndipo tisamamunene kuti ndi waulesi pamene mapiritsi amufooketsa.

Coopsa cacikulu ndi kusiya mankhwala. Ena amasiya cifukwa akumva bwino, ena cifukwa ca zovuta tachulazi, ndipo ena, tinene mosabisa, cifukwa wina kumapemphero anawauza kuti acira, ataye mapiritsi. Timapempherera odwala athu ndipo sitidzaleka, koma wolamula munthu kutaya mapiritsi sadzakhalapo usiku umene matenda adzabwerere, mayi akufunafuna mwana wao mumsewu. Kucepetsa kapena kusintha mankhwala ndi nchito ya adokotala. Mowa ndi camba nazonso zimabwezera wodwala m'mbuyo.

Wodwala akati mau akumulankhula, kukangana naye sikuthandiza, komanso tisavomereze kuti nafe tikuwamva. Tingamuuze modekha kuti ife sitikumva kanthu, koma tikuona kuti akuvutika. Mauwo akamuuza kuti adzipweteke kapena apweteke ena, asakhale yekha, ndipo anesi adziwe tsiku lomwelo.

Tsiku la nyeleti limalembedwa pa khadi la ku cipatala. Mabanja ena amaliphonya cifukwa cosowa ndalama ya basi. Bungwe la amayi kapena la acinyamata lingathe kusonkha ndalamayo mwezi ndi mwezi, n'kusankha mmodzi womuperekeza.